Cikumbutso ca Njanji ku Chongwe

Nkhani yathu ya lero iyambira m'boma la Chongwe, kum'mawa kwa mzinda wa Lusaka. Kumeneko kuli malo a cikumbutso amene dzina lake ndi TAZARA Memorial Park, amene anatsegulidwa ndi Mtsogoleri wa dziko lino, a Hakainde Hichilema, mu August 2022. Pamalopo pali manda a anthu a ku China amene anafera pa nchito m'dziko lathu, ndiponso nyumba yosungiramo mbiri ya njanji ya TAZARA.

Kodi n'cifukwa ninji dziko lakutali cotere linagwirizana nafe pomanga malo amenewa? M'caka ca 1965 azungu a ku Rhodesia anadzilengeza okha kuti ali pa ufulu, ndipo njira imene mkuwa wathu unali kudzera popita ku nyanja inakhala m'manja mwa adani. A Kenneth Kaunda ndi a Julius Nyerere anafuna njira ina yodzera ku Tanzania. Maiko a azungu atakana kuthandiza, dziko la China linavomera mu 1967. Nchito inayamba mu 1970 ndipo inatha mu 1975: makilomita 1,860 kucokera ku Dar es Salaam kufika ku Kapiri Mposhi. Anchito oposa 160 anataya miyoyo yao, ndipo ena mwa a ku China anaikidwa m'manda ku Dar es Salaam. Cotero mbiri ya njanji imeneyi ndi ya maiko atatu, ndipo palibe limodzi lingathe kuisunga lokha. Akulu anati mutu umodzi susenza denga.

Kuthandizana kotere kunacitikaponso kale. Injini ya nthunzi ya nambala 993 inapangidwa ku Glasgow mu 1896, inagwira nchito ku South Africa, ndipo pambuyo pake inakoka matabwa pa njanji ya Mulobezi. A Kaunda anaipereka kwa David Shepherd, katswiri wojambula zithunzi wa ku Britain, amene anaitengera kwao, ndipo inadzasungidwa ku Shildon. Injini zinzake zinatsala m'nyumba yosungiramo sitima zakale ku Livingstone, kumene alendo a maiko ambiri amadzaziona.

Komabe citsulo cimadikira, munthu sadikira. Mnyamata amene anagwira fosholo pa njanjiyo mu 1970 ali ndi zaka 20, lero ndi nkhalamba yopitirira zaka 70. Akamwalira osafunsidwa, zimene adziwa zidzapita naye kumanda, ndipo palibe nyumba ya zakale ingazibwezere.

Tsono nchito yanu ya sabata ino nayi. Funsani makolo ngati m'mudzi mwanu muli munthu amene anagwirako nchito ya njanji. Mukamcezere mwaulemu, mumfunse kumene anali kugona, zimene anali kudya, ndi m'mene anali kumverana ndi anzake a cilankhulo cina. Mulembe mau ake monga momwe wanenera, ndi kuwapereka kwa aphunzitsi anu kuti asungidwe pasukulu.

Tsalani bwino.