Makina Ochapira Zovala: Musanatulutse Ndalama, Funsani Mpopi ndi Mita

(NYIMBO YOTSEGULIRA, ITSIKE PANG'ONOPANG'ONO)

WOULUTSA: Moni amayi ndi abambo kuno ku Monkey Bay. Moni inu a ku Chembe, a ku Msaka, a ku Malembo, a ku Nkhudzi Bay, kukafika ku Makawa ndi pa boma la Mangochi. Amene muli pa gombe kukonza maukonde, amene muli m'khitchini, senderani pafupi ndi wailesi.

Nkhani yalero yachokera kwa mayi wina wa mbali ya kwa Nankumba. Mwana wawo ali ku Joni, ndipo wawatumizira zithunzi zitatu za makina ochapira pa WhatsApp. Akuti, "Amayi, mwachapa m'manja kokwanira, sankhani makina amodzi ndikugulireni, ndiwonjezerepo ena oumitsira." Mayiwa akufunsa kuti asankhe ati. Amayi, mwachita bwino kufunsa musanayankhe, chifukwa makina amene akuoneka bwino kwambiri pachithunzipo mwina ndi amene angakuvuteni kwambiri pakhomo panu.

Ena anena kuti, nyanja ili pompano, makina ndi achani? Pitani pa gombe m'mawa mukaone. Mayi wawerama kuyambira dzuwa lisanatuluke, miyendo ili m'madzi, mwana kumbuyo, beseni la mabulangete pamchenga. Pofika masana msana wauma, zala zatuwa ndi sopo. Ndipo madzi osaya a m'mphepetewo, makamaka m'malo a bango ndi udzu, ndi mmene mumakhala nkhono zofalitsa likodzo. Tizilombo ta likodzo sitidikira kuti mumwe madziwo. Timatuluka m'nkhono n'kulowa pakhungu la munthu amene waima m'madzimo. Ndiye kwa ine, makina ochapira kuno kunyanja si zodzionetsera ayi. Ndi nkhani ya msana ndi thanzi la amayi ndi atsikana athu. Ngakhale inu amene mulibe makina, tengani ichi: madzi a m'nyanja mukawatunga n'kuwasiya m'diramu masiku awiri athunthu, mopanda nkhono, tizilomboti timafa tokha.

Tsono makina amene mungawapeze ali m'mitundu itatu.

Oyamba ndi a mabafa awiri, amene m'sitolo amawatcha twin tub. Bafa lalikulu limachapa, laling'ono limazungulira mwamphamvu n'kufinya madzi. Madzi mumathira nokha ndi ndowa kapena paipi, zovala mumasamutsa nokha kuchoka uku kupita uku. Achiwiri ndi otsekula pamwamba, a bafa limodzi, amene amadzithira madzi, kuchapa, kutsukuluza ndi kufinya okha. Achitatu ndi aja a chitseko cha galasi kutsogolo, amene timawaona m'mafilimu.

Funso loyamba si la ndalama. Funso loyamba ndi la madzi. Kodi pakhomo panu madzi amabwera bwanji? Ngati muli ndi mpopi wa Southern Region Water Board, kodi amatuluka tsiku lonse, ndipo amatuluka ndi mphamvu? Makina odzichapira okha, a pamwamba ndi a kutsogolo omwe, amalumikizidwa ku mpopi, ndipo amafuna madzi okankha. Madzi akamangodontha, makina amadikira, kenaka amayamba kulira n'kuima, zovala zili m'thovu. Ngati madzi anu ndi a pamjigo, a pachitsime kapena a m'diramu, yankho mwalipeza kale: tengani a mabafa awiri. Ndowa ziwiri kapena zitatu za malita 20 zimakwana kuyamba ntchito. Ndipo madzi a sopo omwewo mutha kuchapira kawiri: muyambe ndi zoyera, mikanjo ya Lachisanu ndi malaya a sukulu, kenaka muponyemo zakuda za ku ntchito.

Kwa inu olipira bilu, dziwani kuti a chitseko chakutsogolo ndiwo amadya madzi ochepa, pafupifupi malita 50 ulendo umodzi. Otsekula pamwamba ambiri amapitirira malita 100. Ndiponso yang'anani pansi pa ketulo yanu. Mukaona zoyera zoumirira ngati laimu, ndiye kuti madzi anu ali ndi mchere wa m'nthaka, monga zilili ndi mijigo ina m'dera lathu lino. Zoyerazo zikamata pachitsulo chotenthetsera madzi m'makina, chitsulocho sichikhalitsa.

Funso lachiwiri mufunse mita ya ESCOM. Magetsi athu ndi a mavoti 230, ndipo yuniti imodzi imene mumagula ndi mphamvu ya mawati 1,000 kwa ola limodzi. Kumbuyo kwa makina alionse kuli kapepala kolembedwa mawati ake. Kawerengeni musanafunse mtengo. Mota ya makina a mabafa awiri nthawi zambiri imakhala pakati pa mawati 300 ndi 500, kutanthauza kuti mutha kuchapa ola lathunthu osapitirira theka la yuniti. Makina a chitseko chakutsogolo ali ndi chotenthetsera madzi cha mawati pafupifupi 2,000, ngati ketulo. Mukamachapira madzi ozizira sadya kwambiri, koma mukangopotoza kuti atenthetse, manambala a pa mita amathamanga.

Komatu vuto lalikulu si mayuniti. Ndi kuzima. Tonse tikukumbukira chaka cha 2022, namondwe Ana atagumula damu la Kapichira mu Januwale, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Magetsi athu ambiri amachokera ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, konseko pa mtsinje umodzi wa Shire, ndiye kukachitika vuto kumeneko, kuno timalimva. Taganizani magetsi azima makina ali pakati pa ntchito. A mabafa awiri mumangotsegula chivindikiro, kutulutsa zovala, kumalizira m'beseni. A chitseko chakutsogolo amakhala ndi madzi m'mimba, ndipo ena chitseko chimakhala chokiyika mpaka magetsi atabwera. Choopsa china chimabwera pa nthawi imene magetsi akuyakanso, chifukwa nthawi zina amabwera ndi mphamvu yopitirira. Makina odzichapira okha ali ndi kabodi ka kompyuta m'kati, ndipo kakapsa, makina onse aima. Choncho amene mugule amenewa, gulaniponso chotetezera chonga chija mumaika pa furiji, koma chokwana mphamvu ya makinawo. Magetsi akazima, zimitsani pa soketi.

Pa soketi pomwepo ndiime kaye, chifukwa apa pali moyo wa munthu. Makina ochapira ndi malo amene madzi ndi magetsi amakhala moyandikana, ndipo wochapa amakhala ataima pansi ponyowa, nthawi zambiri wopanda nsapato. Nyumba yanu iyenera kukhala ndi waya wa ethi wogwira ntchito. Musakoke magetsi ndi chingwe cholumikiza ndi mapepala apulasitiki kudutsa pabwalo. Itanani wamagetsi wodziwa ntchito yake aike soketi pamalo okwera, pouma. Makina akayamba kukunjenjemeretsani dzanja mukawagwira, ngakhale pang'ono, asiyeni mpaka aonedwe.

(NYIMBO YAIFUPI)

WOULUTSA: Tikupitiriza, omvera, ndi nkhani ya makina ochapira zovala.

Za kukula kwake sindichedwapo. Makilogalamu olembedwa pa makina ndi kulemera kwa zovala zouma. Banja la anthu anayi kapena asanu, makilogalamu 7 kapena 8 akwanira. Ngati mumachapa mabulangete olemera aja ochokera ku Joni, kapena pakhomo pali anthu ambiri, yang'anani a makilogalamu 10 kupita m'tsogolo. Musapanikize zovala. Zimafuna mpata woti zitembenuke.

Tibwerere kwa mayi athu aja ndi mwana wawo. Makina ogulidwa ku South Africa, kaya ndi Defy, Hisense, Samsung kapena LG, amagwira ntchito ndi magetsi athu popanda vuto. Koma pulagi yake ndi ya mano atatu obulungira, pamene soketi zathu ndi za mano afulati, ndiye wamagetsi asinthe pulagiyo bwinobwino, osati kulowetsa mawaya ndi zitsotso za machesi. Muwerengerenso ndalama ya wonyamula katundu ndi msonkho wa MRA pa chipata. Ndipo mwanayo afunse m'sitolomo ngati pepala la chitsimikizo, lija amati warranty, likagwire ntchito ku Malawi, chifukwa ambiri amathera m'dziko limene katundu wagulidwa. Mukaphatikiza zonsezi, nthawi zina kumakhala kwanzeru kuti angotumiza ndalama, inu mukagule ku Blantyre kapena ku Lilongwe.

Mitengo ya chaka chatha isakunamizeni. Chiyambire pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa katundu wochokera kunja sukhazikika. Funsani m'masitolo atatu, ndipo paliponse mufunse funso ili: akawonongeka, amakonza ndani, ndipo zipangizo zake zimapezeka kuti? Kuchoka pano kufika pa boma la Mangochi ndi makilomita oposa 60, ku Blantyre ndiye ulendo wa tsiku. Makina a mabafa awiri ali ndi mota, lamba, kawotchi kopotoza ndi dzanja ndi kapasita. Mmisiri wokonza mafani ndi mafuriji pamsika amatha kuzimvetsa zimenezi. Kabodi ka kompyuta kamafuna kuitanitsa, ndipo mutha kudikira miyezi. Risiti ndi pepala la chitsimikizo zisungeni pamodzi ndi makalata ofunika a pakhomo. Wogulitsa akakana kukuthandizani pa katundu wobwera ndi vuto, bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo a ogula, ndipo chimene adzayambe kufunsa ndi risiti.

Ogula makina ogwiritsidwapo kale ntchito, kumbukirani chikomekome cha mkuyu. Musalipire musanawaone akuchapa ndi madzi enieni. Zungulitsani bafa ndi dzanja, mumvetsere. Likamalira ngati miyala m'chitini, mabering'i atha. Pendekani makinawo muone kunsi ngati kuli dzimbiri kapena mawaya odyedwa ndi makoswe.

Ndinaonapo ndi maso anga kwa mnansi wanga. Makina atsopano a chitseko chakutsogolo anafika pa lole, banja lonse lili pakhonde kuonerera. Atayamba kufinya, makina aja anayamba kudumpha, kuyenda okha pa simenti mpaka paipi ya madzi inazuka. Tonse tinati abwera owonongeka. Chinali chiyani? Kumbuyo kwake kunali mabawuti anayi amene fakitale imamangira bafa kuti lisagwedezeke paulendo. Amenewo amayenera kuchotsedwa makina asanayatsidwe, ndipo zinalembedwa m'kabuku kamene kanali kakadali m'pulasitiki. Mabawutiwo mukawachotsa muwasunge, mudzawafuna tsiku losamuka. Makinawo akhale pa simenti yosalala, pamthunzi, chifukwa dzuwa la Okutobala la kuno limaumitsa pulasitiki mpaka kusweka.

Nanga makina oumitsira? Amayi, mwana wanuyo mumuthokoze, koma mumuuze kuti ndalamayo aisunge, kapena igule thanki ya madzi. Makina oumitsira wamba amadya mawati 2,000 mpaka 3,000, ndipo ulendo umodzi utha kumeza mayuniti atatu kapena anayi. Ife tikukhala kumene usipa umauma pa thandala ndi dzuwa lokha, kumene mwera umaomba miyezi ya Juni ndi Julayi osapuma. Chitenje chotuluka m'bafa lofinyira sichichedwa pa chingwe. Amene ndingawavomereze ndi eni malo ogona alendo ku Cape Maclear ndi m'mphepete monsemu, amene amasintha mashiti ndi matawulo tsiku ndi tsiku ngakhale mvula ya Januwale ndi Febuluwale ikugwa osalekeza. Iwowo afunse za mtundu wa heat pump, umene ndi wodula pogula koma umadya pafupifupi theka la magetsi a enawo. Pakhomo wamba, chingwe chachiwiri pansi pa denga la khonde chimathetsa vuto la dzinja.

Koma poyanika pali mdani amene tonse timamudziwa: mphutsi. Ntchentche yake imaikira mazira pamchenga wa pamthunzi ndi pa zovala zonyowa, makamaka zokhala ndi fungo la thukuta kapena mkodzo. Kamphutsi kakaswa kamalowa pakhungu, n'kutupa ngati chithupsa chokhala ndi kabowo pakati. Ana ndiwo amavutika kwambiri. Ndiye zovala musayanike pansi, pamchenga kapena pa udzu. Ziyanikeni pa chingwe, padzuwa lenileni, ndipo muzisite mbali zonse ziwiri ndi simbi yotentha, kuyambira matewera ndi zovala zam'kati, osaiwala m'misoko. Simbi yamakala imagwira ntchito imeneyi chimodzimodzi ndi yamagetsi.

Musanaponye zovala m'makina, zikutumuleni panja. Mchenga wa kunyanja ndiwo umatseka paipi yotulutsira madzi ndi kudya mphira za m'kati. Pisani m'matumba monse. Kuno m'thumba la bambo simupezeka makobidi okha, mumapezekanso mbedza ndi tizingwe ta ukonde, ndipo mbedza imodzi imatha kung'amba mphira ya pachitseko. Makina a chitseko chakutsogolo amafuna sopo wa ufa wolembedwa kuti automatic, wa thovu lochepa. Wochapira m'manja uja amasefukira. Neti yoteteza udzudzu isalowe m'makina. Imeneyo ichapidwe pang'onopang'ono m'beseni ndi sopo wamba, iyanikidwe pamthunzi, kuti mankhwala ake asathe msanga.

Madzi otuluka m'makina musawalozetse kunyanja, kapena kuwasiya adikhe pabwalo kuti udzudzu uswane. Kumbani dzenje kutali ndi chitsime, mulidzaze ndi miyala, paipi ithere mmenemo. Mbuna zimene alendo amadzaona ku Lake Malawi National Park, ndi usipa umene tidye madzulo ano, zonse zikukhala m'madzi omwewo.

Amayi a kwa Nankumba, ngati madzi anu ndi a pamjigo, muyankheni mwanayo kuti akugulireni a mabafa awiri. Sabata yamawa, nthawi ngati yomweyi, tidzakhala ndi mmisiri wa magetsi kuti atifotokozere za mawaya a m'nyumba ndi mmene mungadziwire ngati ethi yanu ikugwira ntchito. Mafunso anu pa nkhani imeneyo tumizani msanga. Tsalani bwino.

(NYIMBO YOTSEKERA)