MUSANAGULITSE PULOTI: ZA CHILOLEZO CHOKHAZIKIKA KU BRITAIN

Awa ndi mawu amene mnzathu wa m'gulu lomwe lidalemba mayeso a Fomu 4 mu 1999 adalankhula pa msonkhano wathu wa pachaka. Iye amagwira ntchito m'boma ku Lilongwe. Tawasindikiza chifukwa ambiri amene sadathe kubwera adapempha. Mkonzi.



Pamene a Mlembi adandiimbira lamya kuti ndidzalankhule za kupita kunja, ndidayamba ndaseka. Ndidati kodi munthu wa m'boma ngati ine, amene ndakhala ndikukoka mafayilo zaka pafupifupi 20, ndikaime pamaso pa anthu n'kumawaphunzitsa njira yochokera m'dziko? Koma ndidavomera pa zifukwa ziwiri. Choyamba, mlongo wanga ndi namwino ku Manchester, ndipo mapepala a alamu anga ndi ana awo ndidawathamangira ndine. Chachiwiri, mnzathu wina amene tinkagona naye m'hositelo imodzi, dzina sinditchula, adagulitsa puloti yake mu 2023 napereka ndalama zonse kwa munthu amene adamulonjeza ntchito yosamalira okalamba ku Britain. Pepala limene adalandira lidali labodza. Lero alibe puloti, alibe viza, ndipo akukhala m'nyumba ya lendi ndi ana atatu. Akadafunsa kwa wodziwa, sibwenzi zili chomwechi. Safunsa adadya phula.

Ulendo si wachilendo kwa ife Amalawi. Agogo athu ankapita ku Joni pa Wenela, ena ku Halale, ndipo amene sankabwerako tinkawatcha machona. Koma iwo ankapita okha, mkazi ndi ana n'kutsala pamudzi kudikira kalata. Funso la masiku ano ndi lina: kodi ndingathe kukagwira ntchito, kutenga banja langa, ndi kupeza chilolezo choti ndikhale kumeneko popanda kuthamangitsidwa? Ndilankhula za Britain chifukwa ndi kumene ndikudziwa bwino.

Chilolezo chokhazikika kumeneko amachitcha Indefinite Leave to Remain. Munthu amene ali nacho angathe kugwira ntchito iliyonse, kusintha abwana mmene afunira, kuyamba bizinesi, ndipo salipiranso viza chaka ndi chaka. Koma palibe amene amachipeza ali kuno kumudzi chifukwa cha digiri yake. Umayamba ndi viza ya kanthawi, n'kumawerenga zaka. Tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha.

Khomo lalikulu la anthu a luso ndi viza yotchedwa Skilled Worker, imene idayamba mu Disembala 2020. Chofunika koposa zonse ndi ntchito yeniyeni kwa olemba ntchito amene ali ndi layisensi ya boma yolembera anthu ochokera kunja. Olemba ntchitowo ndiwo amakupatsani nambala ya Certificate of Sponsorship. Mvetsetsani pamenepa, chifukwa ndi pomwe mnzathu uja adagwera. Chinthu chimenechi sichigulitsidwa, ndipo ndalama yake amalipira ndi olemba ntchito. Mndandanda wa makampani ndi zipatala zonse za layisensi uli pa tsamba la boma la Britain pa intaneti, ndipo aliyense angathe kuuona mwaulere. Wina akakuuzani kuti perekani mamiliyoni ndikupezereni satifiketi, dziwani kuti mukulankhula ndi mbava. Komanso mukagwidwa mutapereka pepala labodza, angathe kukuletsani kulowa m'dzikomo kwa zaka 10, ngakhale mutalira kuti mudachita kunamizidwa.

Khomo limeneli lakhala likuchepa. Malipiro ochepetsetsa amene ntchito iyenera kukhala nawo adali £26,200 pa chaka mu 2023. Mu Epulo 2024 adakwera kufika pa £38,700, ndipo pa 22 Julayi 2025 adafika pa £41,700. Tsiku lomwelo adakwezanso mlingo wa luso, kotero kuti ntchito zambiri zovomerezeka tsopano ndi zofuna maphunziro a digiri. Pamwamba pa izi muyenera kuonetsa kuti Chingerezi mumachidziwa, kuyezetsa chifuwa chachikulu ku chipatala chimene iwo adachivomereza, ndi kusunga £1,270 ku banki kwa masiku 28, pokhapokha olemba ntchito atalonjeza kukusamalirani mwezi woyamba. Palinso ndalama ya zachipatala imene idakwera mu Febuluwale 2024 kufika pa £1,035 pa munthu wamkulu ndi £776 pa mwana, chaka chilichonse, ndipo imaperekedwa yonse pachiyambi.

Kwa inu a zaumoyo, amene ndikuona kuti mulipo ambiri muno, pali viza yanuyanu ya Health and Care Worker, imene idayamba mu 2020. Mtengo wake ndi wotsikirapo, ndalama ya zachipatala ija simulipira, ndipo malipiro a namwino kapena dokotala amayezedwa pa sikelo ya zipatala za boma, osati pa £41,700 ija. Koma namwino ayenera kulembetsa ku Nursing and Midwifery Council. Amalemba mayeso a Chingerezi, kenaka mayeso a pa kompyuta asananyamuke, ndipo akafika amakayesedwa pogwira ntchito ndi manja. Mlongo wanga, amene adali atagwira ntchito m'wodi zaka zisanu ndi zitatu, adalephera kawiri gawo lolemba la Chingerezi. Ankalira pa lamya kuti nanga sukulu yonse ija adaphunzira m'chilankhulo chanji. Kachitatu adakhoza.

Dziwaninso kuti Malawi ali pa mndandanda wa World Health Organization wa maiko 55 amene ali ndi vuto lalikulu la kuchepa kwa ogwira ntchito zachipatala, umene udatuluka mu 2023. Pa chifukwa chimenechi malamulo a ku Britain salola zipatala kapena maejenti kubwera kuno kudzakopa anamwino ndi madokotala. Chololedwa n'chakuti munthu payekha aone ntchito yolengezedwa ndi kufunsira yekha. Tsono ejenti amene akuyenda m'zipatala zathu kulemba maina, mufunseni kuti akuchita zimenezi pa lamulo liti.

Nanga ntchito yosamalira okalamba, imene idapenga nayo mitu ya anthu? Khomo limenelo lidatsegulidwa mu Febuluwale 2022. Kuyambira pa 11 Malichi 2024 opita pa ntchito imeneyi adaletsedwa kutenga mabanja awo, ndipo pa 22 Julayi 2025 kulemba anthu ochokera kunja pa ntchitoyi kudatsekedwa. Amene akukulonjezani ntchito imeneyi lero akukugulitsani mphepo.

Ndifike tsopano pa nkhani ya banja, pakuti ndi pamene pali misozi yambiri. Kwa Azungu aja, mawu oti banja akutanthauza mwamuna kapena mkazi wanu ndi ana anu osakwana zaka 18. Basi. Kwathu kuno mwana wa malemu achimwene ndi mwana wanu, ndipo palibe amene amafunsa. Kumeneko amafunsa. Ngati simudamutenge mwanayo kudzera m'khoti, sawerengedwa. Alamu anga ankalera mwana wa malemu mng'ono wawo kuyambira ali wakhanda. Tsiku lonyamuka mwanayo adatsala ndi ine pa bwalo la ndege, ndipo mpaka lero ali kwathu. Sindidzaiwala mmene adagwirira chikwama cha anzake aja osafuna kuchisiya.

Lamulo lina limene limadzidzimutsa ambiri n'lakuti mwana amaloledwa ngati makolo onse awiri ali kumeneko kapena akupita limodzi. Ngati bambo kapena mayi akutsala kuno, wopitayo ayenera kutsimikiza ndi umboni kuti iye yekha ndiye amalera mwanayo ndi kulamula za moyo wake. Zaka nazonso muziwerenge. Mwana wa zaka 17 mukamuchedwetsa kuti ayambe wamaliza Fomu 4, n'kukwanitsa zaka 18 musanamufunsire viza, khomo latsekeka. Makolo okalamba ndiye musawaike n'komwe m'mapulani. Lamulo lake lilipo, koma limafuna umboni woti khololo silingathe kudzisamalira ndipo chisamaliro sichingapezeke kuno ngakhale mutatumiza ndalama. Opambana pamenepo ndi owerengeka.

Konzani mapepala nthawi ikadalipo. Ukwati wa ankhoswe ndi ukwati ndithu, ndipo lamulo lathu la maukwati la 2015 limauzindikira, koma wa ku ofesi ya viza sadzaitana ankhoswe. Adzafuna satifiketi. Ana akhale ndi ziphaso zakubadwa zochokera ku National Registration Bureau. Ndipo onetsetsani kuti dzina ndi tsiku lobadwa n'zofanana pa satifiketi ya sukulu, pa chiphaso cha unzika ndi pa pasipoti. Tonse tikudziwa anzathu amene adabwereza Sitandade 8 pa dzina la msuweni. Zimene zija zimadzatulukira pamenepa.

Amene mwakwatira kapena kukwatiwa ndi nzika ya Britain, kapena ndi munthu amene ali kale ndi chilolezo chokhazikika, njira yanu ndi ina. Kuyambira mu Epulo 2024 wokuitananiyo ayenera kuonetsa kuti amapeza £29,000 pa chaka, pamene kale idali £18,600.

Tsono kuwerenga zaka kuja kumayenda bwanji? Malinga ndi malamulo amene adalipo mpaka mu 2025, munthu wa viza ya ntchito ankayenera kukhala zaka 5 zotsatizana, osakhala kunja kwa dzikolo masiku oposa 180 m'miyezi 12 iliyonse. Kwa ife anthu a maliro ndi ziliza, masiku amenewa muziwalemba m'kope. Mkazi kapena mwamuna amene wabwera pambuyo amayamba kuwerenga zaka zakezake. Zaka za pa viza ya sukulu siziwerengedwa pa zisanu zija, ndipo viza ya mlendo siyisandulika ya ntchito. Ntchito ikatha, kapena olemba ntchito akalandidwa layisensi, kawirikawiri amakupatsani masiku 60 kuti mupeze ena kapena mutuluke. Zaka zikakwana pali mayeso a Life in the UK, a mafunso 24 m'mphindi 45, ndipo muyenera kukhoza 18. Mtengo wofunsira chilolezocho mu Epulo 2025 udali £3,029 pa munthu mmodzi, ndiye kuti banja la anthu anayi £12,116. Mukachipeza n'kukhala kunja zaka zoposa ziwiri, chimafa. Pakapita miyezi 12 mungathe kufunsira unzika, ndipo poti Nyumba ya Malamulo yathu idavomereza unzika wa maiko awiri mu 2018, simukakamizidwanso kutaya Umalawi wanu. Mwana wobadwira kumeneko sakhala nzika pongobadwa, pokhapokha kholo limodzi litakhala nzika kapena lili ndi chilolezo chokhazikika.

Ndanena kuti mpaka mu 2025 chifukwa mu Meyi chaka chimenecho boma la Keir Starmer lidalengeza maganizo oti zaka zodikira zikwere kuchoka pa 5 kufika pa 10, ndipo mu Novembala lidatulutsa ndondomeko yake kuti anthu aperekepo maganizo. Chomwecho musanyamuke ndi manambala a mnzanu amene adapita mu 2021. Werengani nokha malamulo a tsiku limene mukufunsira. Dziko ndi la eni, ndipo eni ake amasintha malamulo osakufunsani.

A Pampando, ndisanakhale pansi ndilankhule monga wa m'boma. Ambiri a ife tidaphunzira ndi misonkho ya alimi a fodya amene sadaone mkati mwa kalasi. Sindikuweruza amene akupita, pakuti ndikudziwa malipiro athu, ndipo denga la malata la nyumba ya mayi anga adakhoma ndi mlongo wanga, osati ine. Koma ngati muli ndi ngongole ya sukulu, bwezani. Ngati boma lidakuphunzitsani pa pangano loti mudzaligwirira ntchito, malizani panganolo, ndipo tsanzikani bwino polemba kalata, osangosowa pa ntchito ngati wakuba. Tsiku lina mudzafuna kalata ya umboni kuchokera ku ofesi yomweyo. Ndipo amene mwatsala ngati ine musadzione otsalira. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Pempho langa ku komiti ndi ili. Tili ndi anzathu ku Britain, ku South Africa ndi kwina amene adadutsa kale m'njira zimenezi. A Mlembi asonkhanitse maina a amene ali okonzeka kuyankha mafunso, kuti wina aliyense wa ife asanapereke tambala kwa ejenti, ayambe waonetsa pepala lake kwa mnzake wa sukulu imodzi. Mnzathu uja akadakhala ndi wina womuonetsa, bwenzi puloti yake ilipo. Ine dzina langa lembani loyamba.