Mwamuna Salira? Za Abale Athu Amene Amakhala Mobisala

Atsogoleri a miphakati, amayi ndi abambo, achinyamata: nkhani ya lero ambiri timaiopa, koma tiyeni tiikambe modekha.

Kuno ku Nsaru mnyamata amakula akumva kuti mwamuna salira, mwamuna weniweni amakwatira ndi kubereka. Akachedwa kukwatira, amalume ake amafunsa, anzake pa bawo nkumamutcha gojo. Tsono pakati pathu alipo amuna ena amene mtima wawo umakopeka ndi amuna anzawo. Wotereyu akamamva tsiku ndi tsiku mau achipongwe akuti "wamathanyula", chitonzo chija chimalowa mumtima, nayamba kudzida yekha. Ena amakwatira kuti anthu asiye kuwanena, mkazi wosalakwa nkumabvutika. Ena amaopa kupita kuchipatala akadwala. Ena amathawira ku kachasu, mwinanso kuganiza zodzipha.

Kodi lamulo likuti chiyani? Ndime 153 ya malamulo a milandu imaika chilango chofika zaka 14 m'ndende kwa amuna ogonana okhaokha. M'mwezi wa Meyi 2010 khoti la ku Blantyre linagamula Steven Monjeza ndi Tiwonge Chimbalanga zaka 14, koma Pulezidenti Bingu wa Mutharika anawakhululukira mwezi womwewo. Mu Juni 2024 khoti linagamulanso kuti lamuloli likhalebe. Komabe ndime 19 ya Malamulo Aakulu a dziko imateteza ulemu wa munthu aliyense. Kumenya munthu, kapena kumulanda ndalama pomuopseza kuti umuulula, ndi mlandu.

Nanga Mpingo? Chiphunzitso chake nchakuti ukwati ndi wa mwamuna ndi mkazi, ndipo maepiskopi athu mu Disembala 2023 anakana kudalitsa maanja a amuna kapena akazi okhaokha. Koma Katekisimu wa Mpingo yemweyo, pa ndime 2358, amatilamula kulandira anthu otere mwaulemu ndi mwachifundo, osawasala mopanda chilungamo. Malemu Papa Francis mu Januwale 2023 ananenanso kuti kukhala wotere si mlandu woti munthu amangidwe nawo.

Choncho tichite zitatu. Tileke maina achipongwe, ngakhale pocheza. Tisakakamize mnyamata kukwatira pofuna kubisa manyazi a banja. Mwana akatiululira za mumtima mwake, timvetsere ndi kusunga chinsinsi, tisamupirikitse pakhomo.

Funso lokakambirana kumphakati: mwana ameneyu atakhala wanu, mungafune kuti mudzi umutani?