KUFUNAFUNA KHOLO LOSOWA: Mau Olankhulidwa pa Msonkhano wa Pacaka



Ndithokoza Komiti cifukwa ca kundipatsa mpata uwu wakuti ndilankhule pa nkhani imene ambiri a inu mwakhala mukuifunsa, ndiyo ya kufunafuna makolo athu osowa. Palibe mbumba pakati pathu imene iribe mcona wace. Wina anapita ku Joni ndi Wenela, wina ku Harare, wina anatengedwa pa mtengatenga wa nkhondo ya 1914, ndipo cotsala ndi dzina lokha ndi nkhani zimene agogo amakamba madzulo. Tsono funso langa ndi ili: kodi nkhani zimenezi tizikhulupirire kufikira pati? Poyankha ndifuna kukufotokozerani za munthu mmodzi wa ku America amene anayenda ulendo wotere, pakuti m'kupambana kwace ndi m'kupunthwa kwace muli phunziro lathu.

Munthuyo ndiye Alex Haley, amene anabadwa m'caka ca 1921 namwalira mu 1992. Pa ubwana wace, ku Henning m'dera la Tennessee, agogo ace akazi a Cynthia ankasimba za kholo lao limene linagwidwa ukapolo ku Africa pamene linkadula mtengo wosemera ng'oma. Ankati mbuye wace analicha Toby, koma ilo linkanenetsa kuti dzina lace ndi Kinte, ndipo mtsinje linkaucha Kamby Bolongo. Atakula, Haley anatengera mau amenewa kwa katswiri wa mbiri ya Africa, Jan Vansina, amene anaona kuti afanana ndi cinenero ca Amandinka a m'mbali mwa mtsinje wa Gambia.

Anayamba bwino ndithu. M'nyumba yosungira makalata a Boma ku Washington anapeza m'kalembera wa 1870 dzina la Tom Murray, wosula zitsulo wa ku North Carolina, pamodzi ndi banja lace, monga momwe agogo aja ananenera. Koma kupitirira apo njira inada, cifukwa m'kalembera wa 1850 ndi wa 1860 akapolo sankalembedwa maina, koma zaka zao, khungu lao, ndi kuti ndi amuna kapena akazi, pansi pa dzina la mbuye wao.

M'caka ca 1967 Haley anafika pa mudzi wa Juffure ku Gambia. Kumeneko mkulu wina, Kebba Kanji Fofana, anamsimbira mbiri ya pfuko la Kinte, nachula mnyamata Kunta amene anapita kukadula mtengo osabweranso. Pambuyo pace Haley anapeza m'makalata combo cochedwa Lord Ligonier, cimene cinacoka ku Gambia ndi kufika ku Annapolis pa 29 September 1767 ciri ndi akapolo amoyo 98. Iye anakhutira kuti kholo lace linali m'menemo. Buku lace, Roots, linaturuka mu 1976, ndipo linadzutsa anthu osawerengeka kuti ayambe kufunsa za makolo ao.

Koma mlandu sugamulidwa ndi mboni imodzi. Mu 1977 mtolankhani wa ku London, Mark Ottaway, anapita ku Juffure, napeza kuti Fofana sanali mmodzi wa osunga mbiri ophunzitsidwa mwa mwambo, ndiponso kuti nkhani imene mlendoyo ankafuna inali itamveka kale asanafike. Ndiko kunena kuti Haley ayenera kuti anangomva mau ace omwe akumbwerera. Mu 1981 Gary Mills ndi Elizabeth Shown Mills anasanthula makalata a ku Virginia, naona kuti kapolo wochedwa Toby anali kale m'manja mwa banja la Waller m'caka ca 1762, zaka zisanu combo cija cisanafike. Munthu sangakhale m'munda ku Virginia asanaoloke nyanja. Cotero pakati pa Tom Murray ndi Kunta Kinte unyolo unapezeka woduka.

Kodi tinene kuti agogo aja ananama? Iai. Mau a akulu akoma akagonera. Iwo anasunga maina oona a mibadwo yapafupi, anasunganso mau a cinenero ca kwao kwa zaka zoposa zana limodzi, ngakhale ukapolo unayesa kuwafafaniza. Colakwika cinali ca wofufuza, amene mtima wace unathamanga kuposa umboni, nalumikiza anthu awiri cifukwa ca kufanana kwa dzina lokha.

Tsono ndibwere kwathu kuno, ndipo ndipereke malangizo asanu.

Coyamba, yambani ndi inu eni, mubwerere m'mbuyo mbadwo umodzi umodzi. Musalumphire kwa mfumu yochuka cifukwa cakuti mfunda wanu ndi wace ndi umodzi. Aphiri ndi Abanda ndi ocuruka ngati mcenga.

Caciwiri, pofunsa akuluakulu musawauze yankho. Ukafunsa kuti, kodi si uja anafera ku Joni, waulemu adzangobvomera kuti asakucititse manyazi. Funsani kuti, anapita kuti, ndipo munamva kwa yani? Funsani a kucimuna paokha ndi a kucikazi paokha, ndipo lembani tsiku ndi dzina la wokuuzani.

Cacitatu, cenjerani ndi maina. Munthu mmodzi akhoza kukhala ndi dzina la ubwana, la ku cinamwali, la ubatizo, ndi lina limene kalaliki wa ku mgodi analemba pa citupa monga momwe khutu lace linamvera. Komanso dzina limodzi likhoza kukhala la anthu atatu, pakuti wolowa ufumu amadya dzina la malume ace, ndipo nchito za onsewo zimasimbidwa ngati za munthu mmodzi.

Cacinai, makolo sanawerenge zaka ndi manambala, koma ankakumbukira zocitika. Akati anabadwa pa nkhondo ya Chilembwe, lembani 1915. Akati anacoka pa njala yaikuru ija, funsitsani ngati akunena ya 1949. Mukatero yesani ngati zaka za mai ndi za mwana zigwirizana.

Cacisanu, pitani ku makalata, koma mudziwe malire ace. Moto umene unatentha maofesi a Boma ku Zomba mu 1919 unaononga makalata ambiri akale, ndipo nyumba yosungira makalata kumeneko inayamba mu 1947. Lamulo lakuti mwana aliyense wobadwa m'Malawi alembedwe linayamba kugwira nchito mu 2015. Cifukwa cace mabuku a ubatizo ndi a ukwati a ku mishoni ndiwo cuma cathu: Blantyre inayamba mu 1876, Mvera mu 1889, Nkhoma mu 1896, Mua mu 1902. Koma pepala nalonso limalakwa, pakuti analilemba ndi munthu, kawirikawiri mlendo wosadziwa cinenero cathu. Pakamwa ndi pepala ziri ngati mboni ziwiri pa bwalo: zikagwirizana mlandu watha, zikasiyana mfumu yanzeru siweruza msanga.

Wina angafunse kuti kubvutika konseku n'kwa ciani. Ndiyankha kuti milandu ya minda ndi ya ufumu imene imagawanitsa midzi yathu imaima pa mibadwo yomweyi. Mbiri yokometsera ikhoza kulanda mwana wamasiye munda wace, ndipo ana athu akadzaitulukira adzataya pamodzi ndi zoona zomwe. Nkwabwino kusiya mpata wopanda dzina m'kaundula kusiyana ndi kuikapo kholo lobwereka.

Potsiriza ndipempha kuti Bungwe ligule buku limodzi lalikuru, likhale kwa Mlembi, ndipo membala aliyense alembemo mibadwo ya kwao caka cino cisanathe, zomva pa tsamba lina, zoona m'makalata pa tsamba lina. Nkhalamba zathu zikutha, ndipo imene yapita sitingaifunsenso. Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma kufunsa kokha tisazengereze.