MTOLO WA APHUNZITSI A KU YUNIVESITE



Lero tifuna kulankhula za anthu amene sitiŵakumbukira tikamaŵerenga mayina a ovutika. Tikunena ana athu amene adaphunzira kwambiri ndipo tsopano akuphunzitsa m'mayunivesite. Kumudzi kuno timaŵatchula monyadira kuti a Dokotala kapena a Pulofesa. Akafika pa galimoto nthaŵi ya Khirisimasi timauzana kuti aŵa zao zidayera, alibenso nkhaŵa. Koma ambiri mwa iwo asenza mtolo woposa mphamvu zao, ndipo gawo lina la mtolowo adaŵasenzetsa ndife tomwe.

Dera lathu lino lidakonda sukulu kalekale. Mu 1881 Dr Robert Laws adasamutsa mishoni yake kuchoka ku Cape Maclear nadzakhazika pa Bandawe, ndipo makolo athu sadazengereze kutumiza ana ao kukaphunzira. Mu 1894 mishoni idakwera ku Khondowe, ndipo anyamata a kunyanja kuno adatsatira komweko. Clements Kadalie, mwana wa m'mudzi wa Chifira, adakayambitsa bungwe lalikulu la anthu apantchito ku Cape Town mu 1919. Orton Chirwa, katswiri wa malamulo uja, naye adachokera m'boma lino la Nkhata Bay. Kuyambira masiku amenewo tidazoloŵera kuti mwana akaphunzira napita kutali, mudzi wonse umatsamira pa iye. Mwambowu ndi wabwino, ndipo wapulumutsa mabanja ambiri. Komabe ngakhale mzati wa mtengo wolimba umathyoka ukachulukidwa ndi denga.

Tiyeni tione momwe ntchito ya ana athuŵa idakulira. Yunivesite ya Malaŵi idayamba kuphunzitsa mu 1965 ku Chichiri, mu mzinda wa Blantyre, ndi ophunzira 90 okha. Mu 1994 boma lidachotsa fizi ku pulayimale, ndipo chiŵerengero cha ana a sukulu chidakwera kuchokera pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Ana aja adakula, ena adapyola sekondale, nayamba kufuna malo ku yunivesite. Nchifukwa chake masukulu a ukachenjede adaonjezeka. Yunivesite ya Mzuzu idalandira ophunzira ake oyamba mu 1999 ku Luwinga, m'nyumba zimene kale zinali koleji ya aphunzitsi. Ya Livingstonia idayamba mu 2003, ya Katolika ku Nguludi mu 2006, ya sayansi ku Thyolo mu 2014. Zonsezi nzoyamika.

Koma taonani vuto lake. Chipinda chophunziriramo chimamangidwa m'chaka chimodzi, pamene mphunzitsi wa ku yunivesite amatenga pafupifupi zaka khumi kuti apsye: zaka zinayi za digiri yoyamba, ziŵiri za digiri yachiŵiri, ndi zitatu kapena zinayi za udokotala, kaŵirikaŵiri kunja kwa dziko lino. Motero ophunzira amachuluka msanga kuposa aphunzitsi. Ndipo mmodzi akapita kukapitiriza maphunziro, makalasi ake amagwera anzake otsala.

Tiyerekeze kuti mphunzitsi ali ndi ophunzira 300 m'kalasi limodzi. Akamatha mphindi 15 pochonga pepala lililonse la mayeso, ndiye kuti afunika maola 75, pafupifupi masabata aŵiri athunthu a ntchito, pa mayeso amodzi a kalasi limodzi lokha. Chikhalirecho ali ndi makalasi ena, ayenera kukonza phunziro la maŵa, kuŵerenga ndi kuwongolera kafukufuku wa ophunzira a chaka chomaliza, kukayendera amene akuyeserera uphunzitsi m'masekondale, ndiponso kukhala nao pa misonkhano. Kuti akwezedwe pa udindo ayenera kuchita kafukufuku wakewake ndi kumsindikiza, ndipo zimenezi amachita usiku anzake atagona. Ophunzira a masiku onse akapita ku tchuti, m'malo ena mumaloŵa ophunzirira kutali, kotero kuti mphunzitsi uja tchuti sachiona.

Pamwamba pa izi padagwanso zina. Pa 18 Disembala 2015 moto udapsereza nyumba ya mabuku ya Yunivesite ya Mzuzu, mabuku zikwizikwi nasanduka phulusa, koma aphunzitsi adayenera kuphunzitsabe. M'mwezi wa Malichi 2020 masukulu adatsekedwa chifukwa cha mliri wa Covid-19, ndipo atatsegulidwa adayenera kupanikiza maphunziro kuti abweze nthaŵi yotayika. Mu Novembala 2023 ndalama ya kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 44 pa 100 iliyonse, ndipo malipiro a aliyense wolandira pamwezi adafota. Munthu akafika pamenepa amakafuna maganyu ophunzitsa kwina Loŵeruka ndi Lamulungu, tsiku lopuma nkutha.

Tsono madzulo, atatopa chotere, foni imalira. Ndife a kumudzi. Mmodzi afuna fizi, wina afuna malata, wina ukonde wang'ambika, wina injini ya boti yaonongeka, kwina kwagwa maliro ndipo akudikira bokosi. Aliyense mwa ife amaganiza kuti wapempha yekha, osadziŵa kuti tsiku lomwelo aimba kale anthu asanu. Mwana uja saŵiringula, chifukwa akukumbukira kuti mai ake adagulitsa usipa ndi ufa wa kondowole kuti iye aphunzire. Amakatenga ngongole, nabisa nkhaŵa yake mumtima.

Abale athu, thupi la munthu lili ndi malire. Mu 2021 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO, pamodzi ndi bungwe loona za ntchito la ILO, adalengeza kuti m'chaka cha 2016 anthu 745,000 adamwalira ndi matenda a mtima ndi ofa ziŵalo chifukwa chogwira ntchito maola 55 kapena kuposapo pa sabata. Mu 2019 bungwe la WHO lomwelo lidavomereza kuti pali kutopa kwina kochokera ku ntchito kumene kuli ndi zizindikiro zitatu: munthu amatheratu mphamvu, amaipidwa ndi ntchito imene kale ankaikonda, ndipo zimene akuchita sizilongosokanso. Ife timaziona m'njira zina. Tulo timasoŵa, mutu suleka kuŵaŵa, magazi amathamanga, munthu wofatsa amayamba kukalipira mkazi ndi ana popanda chifukwa. Wina amathaŵira ku moŵa. Wina amadzipatula, ndipo ena amafika poganiza zodzichotsera moyo. Tikaona zotere pa mwana wathu, tisathamangire kunena kuti amlodza anzake ansanje kapena kuti maphunziro amzunguza mutu. Munthuyo walema, ndipo asoŵa thandizo.

Nzeru yopeputsira mtolowu siili kutali, ili pa gombe pathu pomwepa. Palibe msodzi amene amaponya chilimira yekha. Pamakhala siginala wosunga nyali pa bwato lake, pamakhala opalasa, pamakhalanso okoka ukonde, ndipo aliyense amadziŵa mbali yake. Mwezi ukaŵala kwambiri, usipa subwera ku nyali, ndipo asodzi amakhala kumtunda nkumasoka maukonde ao. Mwera ukakula amakokera mabwato pa mchenga. Palibe amene amaŵanena kuti ndi aulesi, chifukwa tonse tikudziŵa kuti wolimbana ndi mwera timakamfuna ndi maliro. Nanga bwanji mwana wa msodzi yemweyo, akakhala mphunzitsi, aganize kuti iye angathe kukoka yekha usiku uliwonse chaka chathunthu?

Malembo Oyera akutiphunzitsa zomwezo. M'buku la Eksodo, mutu 18, tikumva za Mose amene ankakhala pansi kuŵeruza milandu ya anthu kuyambira m'maŵa mpaka madzulo. Mpongozi wake Yetero ataona zimenezi sadamuyamikire. Adamuuza poyera kuti akapitiriza chotero adzafooka iye pamodzi ndi anthu amene akuŵatumikira. Adamlangiza kuti asankhe anthu okhulupirika oyang'anira magulu a anthu chikwi, a zana, a makumi asanu ndi a khumi, kuti kwa iye kuzifika milandu ikuluikulu yokha. Mose, ngakhale anali mtsogoleri wamkulu, adamvera munthu wa kubanja. M'buku loyamba la Mafumu, mutu 19, mneneri Eliya adatopa mpaka kupempha imfa. Mulungu sadayambe ndi kumdzudzula ai. Adamlola kuti agone, nampatsa chakudya ndi madzi kaŵiri konse, ndipo pambuyo pake mpamene adalankhula naye. Papa Yohane Paulo Wachiŵiri, m'kalata yake yonena za ntchito ya mu 1981, adatikumbutsa kuti munthu ndi wamkulu kuposa ntchito imene akugwira, ndiponso kuti kupuma ndi ufulu wa wantchito aliyense.

Tsono tilankhule nanu inu aphunzitsi, ana athu ndi abale athu. Ntchito yanu ndi yolemekezeka. Ambuye John Ryan, amene adadzozedwa kukhala Episkopi wa Mzuzu mu 2016, adayamba aphunzitsa masamu pa Yunivesite ya Mzuzu, ndipo Eklezia amaudziŵa bwino thukuta la m'kalasi. Chifukwa choti ntchitoyo ndi yolemekezeka, sungani munthu woigwira. Patulani tsiku limodzi pa sabata lopanda mapepala ochonga, ndipo mulitchinjirize monga mutchinjirizira malipiro anu. Ikani ola lozimitsira kompyuta ndi foni usiku. Akakupatsani ntchito ina yoonjezera pamene manja adzaza kale, phunzirani kuyankha mwaulemu kuti, iyi ndingailandire pokhapokha ina ichotsedwe. Paja ichi chakoma ichi chakoma, pusi adagwa chagada. Gaŵanani ntchito ndi anzanu a m'gawo lanu, ndipo inu akuluakulu musaunjikire achinyamata ongoyamba kumene makalasi onse aakulu. Kayezetseni kuthamanga kwa magazi ndi shuga kamodzi pa chaka, ngakhale musakumva kudwala. Khalani pansi ndi akunyumba kwanu, mugwirizane ndalama imene mungathe kutumiza kumudzi pa mwezi, ndipo muuze abale chilungamo chake. Mtima ukalemera kwa masabata angapo osapepuka, uzani mnzanu wokhulupirika, mkulu wa mpingo wanu kapena dokotala. Ku Mzuzu kuli a Saint John of God amene ntchito yao ndi kuthandiza ovutika m'maganizo. Kupita kumeneko sikuchotsa digiri ya munthu.

Tilankhulenso ndi ife eni ake a kumudzi. Tikhale ngati Yetero. Mwana wathu akabwera, tiyambe tamfunsa za moyo wake, za tulo take ndi za banja lake, tisanatulutse mndandanda wa zosoŵa zathu. Banja lisankhe munthu mmodzi wosonkhanitsa zopempha, kuti ziziperekedwa pamodzi ndipo zofunika kwambiri zizitsogola. Pa maliro aliyense asonkheko kangachepe, pakuti mutu umodzi susenza denga. Anyamata amphamvu amene ali ndi nyanja ndi munda wa chinangwa asasandutse mbale wao kukhala nkhokwe. Akatiyankha kuti mwezi uno palibe, tisammangire mlandu woti wayamba kunyada kapena kuti mkazi wamtsekereza. Ndipo akabwera ku tchuti, timpatse masiku aŵiri atatu oti agone, asambe m'nyanja, adye kondowole wa batala mwamtendere, tisanamkhazike pa bwalo kuti aŵeruze milandu ya malire a minda.

Kwa inu ophunzira, lemekezani nthaŵi ya aphunzitsi anu. Perekani ntchito yanu pa tsiku lake, ndipo musaŵaimbire foni pakati pa usiku kufunsa malikisi. Kwa inu oyendetsa mayunivesite ndi akuluakulu a boma, pamene mukuŵerenga ophunzira atsopano, ŵerenganinso aphunzitsi. Lembani ena ntchito, perekani othandiza kuchonga, ndipo tchuti cha mphunzitsi chikhale tchuti chenicheni. Mphunzitsi wotopa amatulutsa namwino, mlangizi ndi mphunzitsi wa sekondale wosapsa bwino, ndipo amene adzavutike nazo ndi ana a ku Kande ndi ku Usisya omwe.

Sabata ino, banja lililonse limene lili ndi mwana wophunzitsa kutali limuimbire foni kamodzi popanda kupempha kanthu. Mumfunse ngati akugona bwino, mumthokoze pa zimene wakhala akuchita, ndipo mumuuze kuti mukumpempherera. Inunso aphunzitsi, Lamulungu likudzali mapepala akhale m'chikwama.

Mulungu Atate, amene mudapatula tsiku lopuma, limbitsani onse ophunzitsa ana athu, muŵapatse anzao oŵathandiza, tulo tabwino ndi mabanja omvetsa. Mulungu Mphambe akudalitseni nonse, Atate ndi Mwana ndi Mzimu Woyera. Amen.