MWANA AYAMBE WAPHUNZIRA KUGWA

Mau olankhulidwa pa msonkhano wa aphunzitsi a m'masukulu a ku Chiparamba ndi midzi yozungulira



Mphunzitsi ali yense wa m'dera lino la Chipata adziwa kuti ana sayembekeza cilolezo kuti ayambe kulimbana. Anyamata obusa ng'ombe ku madambo amagwetsana monga anacitira makolo ao, ndipo akaona akuru ali kubvina ngoma ndi zishango ndi zibonga ku Mtenguleni pa mwambo wa Nc'wala m'mwezi wa February, amabwerera kwao nadula timitengo tao. Masiku ano kwaonjezeka zithunzi za kanema ndi za m'mafoni, m'mene aona Bruce Lee ndi Jackie Chan ali kulumpha ndi kuponda anthu. M'mawa mwace ayesa zomwezo kuseri kwa sukulu, pa nthaka youma ya miyala, popanda wamkuru woyang'anira. Kuwaletsa kunalephereka kale. Cotsala ncakuti mphunzitsi atenge masewerawa, awaike pa bwalo loonekera, ndi kuwapatsa malamulo. Lamulo loyamba, limene mau onsewa atsamirapo, ndi ili: mwana asaphunzire kugwetsa mnzace asanaphunzire kugwa iye mwini.

Lamulo limeneli ndilo maziko a masewera a judo, amene anayambitsidwa ndi mphunzitsi wa sukulu. Munthuyo anali Jigoro Kano wa ku Japan, wobadwa mu 1860. M'caka ca 1882 anatsegula sukulu yace yochedwa Kodokan m'cipinda ca mphasa 12 zokha mu mzinda wa Tokyo, ndipo pambuyo pace anakhala mkuru wa koleji ya aphunzitsi mu mzinda womwewo zaka zoposa 20. Iye anatenga malimbanidwe akale a kwao, napatula njira zoopsya kuti zisacitike polimbana momasuka, nakonza zotsalazo kuti mnyamata azibwereza tsiku ndi tsiku osabvulaza mnzace. Luso la kugwa, limene iwo alicha ukemi, ndilo woyamba aphunzira asanakhudze zina.

Judo inalowa m'masewera a Olympic ku Tokyo mu 1964. Pa masewera omwewo gulu la dziko lino linalowa m'bwalo ndi dzina la Northern Rhodesia, ndipo pa tsiku lotsekera, 24 October, linayenda ndi mbendera ya Zambia. Mu 1966 kunafika Bambo Jude McKenna, wansembe wa cipani ca Capuchin wocokera ku Ireland, amene anaphunzitsa judo m'dziko muno zaka zambiri, kotero kuti boma la Japan linampatsa mendulo ya ulemu mu 2019. Ku mbali ya nkhonya, Lottie Mwale anatenga mendulo ya golidi ku Christchurch mu 1974, Keith Mwila anabweretsa mendulo yoyamba ya Olympic ya dziko lino mu 1984, ndipo Catherine Phiri anapambana lamba wa WBC ku Mexico mu 2016. Cotero mwana wa pa Chiparamba wokhumba masewera otere, mnyamata kapena mtsikana, ali nao anthu a kwao owatsanzira.

Koma pali mbiri yina ya ku Japan komweko yoyenera kuimva. Mphunzitsi wa pa yunivesite ya Nagoya, Ryo Uchida, anawerenga imfa za ana m'masukulu a sekondale, napeza kuti kuyambira 1983 kufikira 2011 ana oposa 100 anafa cifukwa ca judo ya kusukulu. Ambiri anali oyamba kumene, ndipo cowapha cacikuru cinali kubvulala m'mutu. Mwana akagwa cagada khosi liri lolefuka, mutu umakhutumuka mwamphamvu, timitsempha ta pakati pa ubongo ndi cigaza timaduka, ndipo magazi amadzaza m'kati mosaoneka. Ciwerengero cimeneci citadziwika, aphunzitsi anayamba kusamala kwambiri za oyamba kumene, ndipo imfa zinacepa ndithu. Ngati zotere zinacitika ku dziko la mphasa zofewa ndi zipatala zapafupi, nanga kuno kumene cipatala cacikuru ciri kutali?

I. ZA BWALO NDI ANA

Pa simenti ya m'kalasi pasacitike kugwetsana, ngakhale atayalapo mphasa. Ana akuru akumbe dzenje longa la masewera olumpha, mamita 5 m'litali ndi 5 m'lifupi, kuya kwace masentimita 30, nadzazemo mcenga wa kumtsinje wosefa bwino kapena utuci, ndi kuyala pamwamba masaka osokerezana. Mcenga umalimba ikagwa mvula, cifukwa cace uyenera kugaulidwa phunziro liri lonse lisanayambe, ndipo zitsa, miyala ndi minga zicotsedwe pozungulira ponse.

Asanalembe dzina la mwana, mphunzitsi aonane ndi makolo ace, nafunse ngati ali ndi khunyu, mphumu, nthenda ya magazi ya sickle cell, kapena ngati wadwala malungo posacedwa. Malungo obwereza-bwereza amatupitsa kapamba, ciwalo ca kumanzere pansi pa nthiti, ndipo kapamba wotupa akhoza kuphulika ndi bondo limodzi la mnzace. Wacipere ayambe wacira, pakuti cimafala pokhudzana ndi pa masaka. Zikhadabo ziwengedwe, ndolo ndi mikanda zibvulidwe, zolembera zituruke m'matumba. Ana aphatikizidwe awiri awiri monga mwa kulemera kwao, osati mwa giredi, popeza m'giredi imodzi mumapezeka wa zaka 10 ndi wa zaka 15. Atsikana alimbane ndi atsikana anzao atabvala kabudula kapena buluku, mphunzitsi wamkazi ali pomwepo.

II. ZA DONGOSOLO LA PHUNZIRO

Phunziro la mphindi 40 ligawidwe motere: mphindi 10 zotenthetsa thupi, 15 za kugwa, 10 za kugwirana, ndi 5 zopumira. Potenthetsa thupi ana athamange, akwawe, agubuduke, ndiponso alimbitse khosi pogona cagada ndi kudzutsa mutu kuyang'ana pa mcombo kufikira atawerenga 10.

Kugwa cagada kuli ndi makwerero anai. Poyamba mwana agone, cibwano ciri pa cifuwa, namenye pansi ndi mikono yonse iwiri, kuyambira paphewa kufikira pa cikhato, mikonoyo itapatuka pang'ono ku nthiti. Akadziwa cimeneci ayambire cokhala pansi, kenaka conjuta, ndipo potsiriza coimirira. Kumenya pansiko kumamwaza mphamvu ya kugwa pa malo akuru, ndipo cibwano ca pa cifuwa cimaletsa nkhongo kugunda nthaka. Mayeso ace ngapafupi: mphunzitsi aike cikhato cace pansi pamene mutu udzafikira. Mutu ukakhudza cikhato ngakhale kamodzi pa maulendo 10, mwanayo akhalebe pa khwerero lomwelo. Cizolowezi cobvuta kucicotsa ndico kutsogoza dzanja loongoka pofuna kudzichinjiriza. M'menemo ndimo muthyokera mkono, cigongono ndi pfupa lolumikiza phewa ndi cifuwa. Kuongola mtengo mpoyamba, cotero mwana ali yense wotsogoza dzanja abwezedwe pomwepo. Pambuyo pa kugwa cagada pabwere kugwera cammbali kumanja ndi kumanzere, ndi kugubuduka cakutsogolo podzera paphewa, mutu osakhudza pansi. Nchito imeneyi yokha ikhoza kudya cigawo cathunthu ca caka ca sukulu, ndipo palibe cotayika.

Kuti ana asatope nako kugwa kokha, alimbane cogwada: wina ayese kugoneka mnzace cagada ndi kumgwira kufikira anzao atawerenga 10. Wogwa ali cogwada agwera pafupi. Kugwetsana coimirira kuyambe ndi cibwerezo cimene a judo acicha uchikomi, ndiko kulowa monga wofuna kugwetsa koma osagwetsa, maulendo 10, kenaka kusinthana. Pofika pogwetsa zenizeni, wogwetsayo asataye mkono wa mnzace, augwirebe naukokere m'mwamba kuti mutu usafike pansi. Njira yochera mwendo kumbuyo ndi kukankha munthu cagada, yochedwa osoto gari, ndiyo yabvulaza oyamba ambiri m'mutu, ndipo iyembekeze caka caciwiri.

Zinthu zitatu zisaloledwe konse ku sukulu ya pulaimale: kukanyanga pakhosi, kupotoza mfundo za mikono ndi miyendo, ndi kumenya kumutu. Kunsonga kwa mafupa a mwana kuli malo anthete amene pfupa likulira, ndipo akaonongeka mkono ukhoza kukula mokhota. Okonda karate ndi nkhonya aphunzire maimidwe ndi maponyedwe pomenya mphepo, kapena thumba la utuci lopacikidwa pa mtengo.

M'kalasi ya ana 60, m'dzenje mulowe magulu a awiri awiri osapitirira atatu. Otsalawo akhale mozungulira, aziwerenga ndi kupenya zibwano za anzao. Zizindikiro zoleketsa zikhale ziwiri. Mphunzitsi akaliza wezulo kapena kupfuula kuti “Lekani!”, onse aime pomwe ali. Mwana akamva kuwawa aombe kawiri pa thupi la mnzace kapena pansi, ndipo wosamvera kuombako akhale kunja sabata yathunthu. M'miyezi yotentha ya October ndi November phunziro licitike m'mamawa kapena dzuwa litapendeka, ndowa ya madzi akumwa iri pafupi, pakuti mwana wotopa ndiye aiwala cibwano cace. Mphunzitsi asaonetsere mphamvu zace pa mwana, ndipo asagwetse mwana monga cilango.

III. MWANA AKABVULALA

Tsoka silinunkha, cifukwa cace pambali pa bwalo pakhale bokosi la sopo, nsaru zoyera, bandeji, citenje cimodzi, ndi magolovesi kapena timatumba ta pulasitiki toyera tobvala m'manja pogwira magazi.

Wobinya kakolo kapena dzanja aleke kusewera, aike pobinyapo nsaru ya madzi ozizira mphindi 15 kapena 20, amangidwe bandeji mosathina, nakweze mwendowo pa mpando. Masiku awiri oyamba pasathowedwe ndi madzi otentha, pasasisitidwe mwamphamvu, ndiponso pasatemedwe mphini, pakuti zimenezi zionjezera kutupa ndi kulowetsa matenda. Ngati mwana alephera kupondera, kapena zala zacita dzanzi, apite ku cipatala.

Pfupa likathyoka kapena kucoka m'malo mwace, wina asalikoke kuti alibwezere. Mkono upacikidwe pa citenje comangidwa m'khosi, mwendo umangidwe ndi matabwa awiri oyalidwa nsaru, ndipo mwanayo asadye kanthu kufikira dotolo atamuona. Wa kamfuno akhale pansi, aweramire kutsogolo, natsine pofewa pa mphuno mphindi 10 osaleka. Bala litsukidwe ndi sopo ndi madzi oyera ambiri. Ngati liri lakuya kapena lalowa dothi la m'njira za ng'ombe, a cipatala alione cifukwa ca kafumbata. Womenyeka m'mimba amene ayamba kutumbuluka, kuturuka thukuta lozizira ndi kumva kuwawa kumanzere kapena paphewa la kumanzere, atengedwe msanga, pakuti angakhale ali kukha magazi m'kati.

Coposa zonse ndico mutu ndi khosi. Mwana wogunda mutu aturuke m'bwalo ndipo asabwereremo tsiku limenelo, ngakhale ataimirira ndi kuseka, popeza ambiri ogwedezeka ubongo sakomoka. Mphunzitsi amfunse tsiku, dzina la mnzace wolimbana naye, ndi cimene cacitika. Zizindikiro zothamangira nazo ku cipatala ndi izi: kukomoka ngakhale kanthawi kocepa, kusanza, mutu wonka nuwawirabe, tulo tosadzutsika bwino, kulankhula zosokonezeka, kudzandira, kugwa ngati wakhunyu, kufooka mbali imodzi, kapena magazi ndi madzi oturuka m'khutu. Zina mwa izi zimaoneka patapita maola, cotero makolo auzidwe pamaso tsiku lomwelo kuti amyang'anire usiku ndi usana masiku awiri. Wodandaula khosi, kapena wosamva manja ndi miyendo yace, asadzutsidwe, ndipo asakwezedwe pa njinga. Mmodzi agwire mutu kuti usagwedezeke, ndipo anyamulidwe pa citseko thupi lonse liri loongoka. Mphunzitsi adziwiretu nambala ya foni ya cipatala capafupi ndi ya mwini galimoto wa m'mudzi, pakuti obvulala kwambiri amatumizidwa ku zipatala zazikuru monga ca ku Chipata, ca ku Mwami kapena ca St Francis ku Katete.

IV. ZA KUBWERERA PA BWALO

Wogwedezeka ubongo asalimbanenso masabata atatu asanathe, ndiponso a cipatala asanabvomereze, cifukwa kugunda kwaciwiri ubongo usanacire nkoopsya koposa koyamba. Wobinya abwerere pamene akhoza kuthamanga ndi kulumpha ndi mwendo umodzi osamva kuwawa. Onsewa ayambirenso pa khwerero la pansi la kugwa.

Ana amabisa ululu poopa kuchedwa amantha, ndipo wocira amabwera ndi mantha amene amaumitsa thupi lace pogwa. Mphunzitsi ayamike poyera mwana amene waulula kuwawa kwace, aletse kuseka wobvulala, ndipo masiku a kucira ampatse wezulo kapena nchito yowerenga kuti asataye anzace. Ngozi iri yonse ilembedwe m'buku: tsiku, cocitika, ndi thandizo loperekedwa. Bukulo likaonetsa kuti ana ali kubvulala pa njira imodzi-modzi, njirayo iimitsidwe ndipo kaphunzitsidwe kace kakonzedwe.

Mwa ana a pa Chiparamba ocepa okha ndiwo adzafika pa mipikisano ya ku Lusaka, koma onse adzakwera njinga, ngolo ndi mitengo ya mango, ndipo tsiku lina adzagwa. Wophunzira kusunga cibwano pa cifuwa ndi kusatsogoza dzanja adzapindula nazo kufikira ukalamba. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Makolo apereka ana ao kwa mphunzitsi m'mawa ali amphumphu, ndipo ayembekeza kuwalandira madzulo ali comweco. Sukulu iri yonse yofuna kuyamba masewerawa ikumbe dzenje lace cigawo cino, niyambe ndi khwerero loyamba.