Nsinjiro, Mafuta a M'magazi ndi Kunenepa

Nkhani ya lero ikuchokera ku Chisepo, m'boma la Dowa, kumene mayi akaphika nkhwani osatendera, ana amafunsa ngati nsawa zatha m'nkhokwe. Mu nsinjiro zimene amatenderazo muli tinthu tosaoneka ndi maso, totchedwa masiterolo a zomera. Timapezekanso mu soya, mpendadzuŵa ndi chitowe.

Tinthu timeneti timafanana kwambiri ndi kolesterolo, mafuta aja amene akachuluka m'magazi amatseka mitsempha ya kumtima. Tikafika m'matumbo timalimbirana naye khomo loloŵera m'magazi, kotero kuti kolesterolo wina amasoŵa poloŵera, natuluka ndi chimbudzi. Madokotala anaona zimenezi mwa anthu m'zaka za m'ma 1950, ndipo mu 1995 ku Finland anayamba kugulitsa majarini wotchedwa Benecol, wothiramo tinthu ta mtundu umenewu. Munthu wodya magalamu 2 patsiku, kolesterolo wake woipa amatsika ndi gawo limodzi mwa magawo 10.

Apa ndi pamene ambiri amasokonekera. Masiterolo amatsitsa kolesterolo, koma sachepetsa thupi. Ndiponso kuti munthu apeze magalamu 2 aja kuchokera mu nsawa zokha, ayenera kukukuta pafupifupi kilogalamu yathunthu, chikhalirecho pafupifupi theka la nsawa ndi mafuta. Wochita zotere tsiku ndi tsiku lamba adzamkana, angakhale alime kuyambira mbandakucha.

Kale munthu akanenepa ankati wapeza bwino, ndipo m'midzi yambiri mawu ameneŵa sanathe. Koma kafukufuku wa Unduna wa Zaumoyo pamodzi ndi bungwe la WHO mu 2009 anapeza kuti mwa Amalaŵi a zaka 25 mpaka 64, mmodzi mwa atatu aliwonse anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, mmodzi mwa asanu anali wonenepa kupyola muyeso, ndipo pafupifupi 6 mwa 100 anali ndi matenda a shuga.

Choncho phindu la nsinjiro lili pakuloŵa m'malo mwa zina. Mphika wotendera usathiridwenso mafuta a m'botolo, ndipo wopita kumsika wa Mponela, amene anazoloŵera chiwaya ndi mafuta a nkhumba, angachite bwino kusinthako ndi nsawa zokazinga zodzaza dzanja limodzi. Zikhale nsawa zouma bwino ndi zosankha, pakuti zachuku zili ndi poizoni wowononga chiŵindi, amene sachoka ngakhale mphika uŵire motani.